Njanji ya ku Busan: Mbiri ya Doko, Sitima ndi Tikiti

Busan ndi mzinda wachiwiri pa kukula m'dziko la South Korea, ndipo doko lake limaposa madoko onse a m'dzikolo. Mzindawu uli kum'mwera chakum'mawa, pamene mapiri amatsetserekera m'nyanja osasiya malo okwanira omangapo, choncho unakula motsata gombe ndi mokwera zitunda. Kuchokera ku Seoul, likulu la dzikolo, pali mtunda wa makilomita opitirira 400, umene sitima yothamanga ya KTX imayenda maola awiri ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Njanji yolumikiza mizinda iwiriyi imatchedwa Gyeongbu. Zambiri zimene alendo amakaona ku Busan masiku ano sizingamveke bwino munthu asakudziwa amene anamanga njanjiyi, chimene anaimangira, ndiponso anthu amene inakawatula kumapeto kwake.

M'nthawi ya mafumu a Joseon, amene anayamba kulamulira mu 1392, ku Busan kunalibe mzinda. Boma la deralo linali ku Dongnae, chakumtunda pang'ono, pamene kugombe kunali midzi ya asodzi ndi linga la asilikali. Malowa ankadziwika chifukwa choyandikana ndi Japan. Chilumba cha Tsushima chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndipo kunja kukayera chimaoneka ndi maso. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1400, mafumu ankalola amalonda a ku Tsushima kukhala m'malo otchingidwa ndi mpanda otchedwa waegwan, kumene ankagula mpunga ndi nsalu za thonje, iwo n'kumagulitsa mkuwa ndi siliva. Unali ubale wokayikirana. Mu 1592 asilikali a Toyotomi Hideyoshi anakocheza pa gombe lomweli, nagonjetsa linga la Busanjin kenako la Dongnae, ndipo nkhondo imene inayambira pamenepo inasakaza dziko mpaka 1598. Mtendere utabwerera malonda anayambiranso, koma Ajapani sankaloledwanso kufika ku likulu. Waegwan yaikulu ya ku Choryang inamangidwa mu 1678 mozungulira kaphiri ka Yongdusan, pamene lero paima nsanja ya Busan Tower. Akazembe a mfumu opita ku Japan, amene anatumidwa maulendo 12 pakati pa 1607 ndi 1811, ankakwerera zombo zawo kuno. Masiku amenewo munthu woyenda pansi kuchokera ku Seoul, kudzera pa mpata wa mapiri wa Mungyeong, ankatha pafupifupi milungu iwiri ali panjira.

Mu 1876 Japan inaopseza Korea ndi zombo zankhondo n'kuikakamiza kusaina pangano la Ganghwa, ndipo Busan linakhala doko loyamba kutsegulidwa. Ajapani anatuluka mu mpanda wawo uja, nayamba kugula malo ndi kukwirira m'mphepete mwa nyanja kuti apeze pomanga. Njanji yoyamba ya m'dzikolo inali yaifupi, yochokera ku Noryangjin pafupi ndi Seoul kukafika ku doko la Incheon, ndipo inatsegulidwa mu 1899. Ya Gyeongbu inayamba kumangidwa mu 1901 ndi kampani ya ku Japan imene mmodzi mwa akuluakulu ake anali Shibusawa Eiichi, yemwe nkhope yake ili pa ndalama yapepala ya 10,000 yen ya ku Japan masiku ano. Ntchito inkayenda pang'onopang'ono kufikira pamene nkhondo ya Japan ndi Russia inayandikira. Pamenepo boma la Japan linalamula kuti njanjiyo ithe mwamsanga kuti izinyamula asilikali ndi zida, ndipo inatsegulidwa pa 1 Januwale 1905. Ulendo wa milungu iwiri uja unatsika kufika pa maola pafupifupi 17.

Anthu a m'midzi imene njanjiyo inadutsa ndiwo analipira mtengo wake. Minda inalandidwa pa mtengo wolira kapena ulere, manda a makolo anafukulidwa kuti njanji iwongoke, ndipo amuna ankatengedwa kukagwira ntchito ya thangata ngakhale m'nyengo yolima. N'chifukwa chake magulu a Akoreya olimbana ndi ulamuliro wa Japan ankalimbana kwambiri ndi masiteshoni, njanji ndi mawaya a telegalafu, ndipo ogwidwa akuwononga zimenezi ankaphedwa ndi asilikali. Pofika mu 1910, pamene Japan inalanda dziko lonse la Korea, njanjiyi inali itagwira kale ntchito imene anaimangira.

Omanga ake sankaona Busan ngati mathero a ulendo. Kwa iwo linali khomo lolowera ku Asia yense. Mu Sepitembala 1905 sitima zapamadzi zinayamba kuyenda pakati pa Shimonoseki ndi Busan, ndipo nthawi yake ankaigwirizanitsa ndi ya sitima zapamtunda za mbali zonse ziwiri. Mu 1906 njanji ina inafika ku Sinuiju, kumalire a kumpoto, ndipo mu 1911 mlatho wa pa mtsinje wa Yalu unalumikiza Korea ndi Manchuria. Njanji inalowa mpaka pa doko penipeni, moti munthu ankatsika m'chombo n'kukwera sitima atangoyenda mapazi ochepa. Zinali zotheka kugula tikiti ya ulendo wochokera ku Tokyo, kudzera ku Busan, Seoul, Manchuria ndi Siberia, mpaka ku Ulaya. Wothamanga wa ku Korea Son Kee-chung anayenda njira imeneyi mu 1936 popita ku mpikisano wa Olimpiki ku Berlin, kumene anapambana mpikisano wa mtunda wautali wa marathon atavala mbendera ya Japan ndiponso akutchedwa dzina la Chijapani. Tikiti ya ulendo wakewo inasungidwa mpaka lero. Chaka chomwecho sitima yotchedwa Akatsuki inayamba kuyenda pakati pa Busan ndi Seoul maola 6 ndi mphindi 45.

Njanji inasinthanso mapu a dziko. Daejeon, kamene kanali kamudzi ka pakati pa minda, kanakula kukhala mzinda chifukwa cha siteshoni, ndipo mu 1932 kanalanda udindo wokhala likulu la chigawo kuchokera ku mzinda wakale wa Gongju, umene njanji inaulambalala. Busan nayo inalanda udindo womwewo ku Jinju mu 1925. Mpunga wa alimi a ku Korea unkatsikira pa dokoli kupita ku Japan, ndipo kuyambira mu 1939 anthu ambirimbiri otengedwa mokakamiza kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale a ku Japan anadutsanso pomwepa. Ntchito yokopa alendo inayamba m'zaka zomwezi, makamaka pofuna kusangalatsa atsamunda. Gombe la Songdo linakonzedwa mu 1913 kukhala malo oyamba osambirako anthu onse m'dzikolo, ku akasupe otentha a ku Dongnae kunamangidwa nyumba zogona alendo, ndipo mu 1934 njanji yaing'ono yotsata gombe inafika ku Haeundae. M'chaka chomwecho unatsegulidwa mlatho wa Yeongdo, umene mbali yake ina inkatukulidwa m'mwamba kuti zombo zidutse. Khamu la anthu linabwera kudzaona zodabwitsazo.

Japan itagonja mu 1945, dziko la Korea linagawidwa pakati, ndipo njanji ya kumpoto inaduka. Busan inaleka kukhala khomo la ku Manchuria n'kukhala malekezero a njanji. Ajapani obwerera kwawo ankagulitsa katundu wawo pabwalo lina pafupi ndi doko, Akoreya obwerera kuchokera ku Japan nawonso n'kumayala zawo pomwepo, ndipo umo ndi mmene msika wa Gukje unayambira.

Nkhondo ya ku Korea, imene inabuka pa 25 Juni 1950, ndi imene inaumba mzinda umene ulipo lerowu. M'milungu yochepa asilikali a kumpoto analanda pafupifupi dziko lonse, kupatula kangodya ka kum'mwera chakum'mawa kotchingidwa ndi mtsinje wa Nakdong. Boma la kum'mwera linasamukira ku Busan mu Ogasiti 1950, linabwerera ku Seoul kwa kanthawi, kenako linathawiranso ku Busan mu Januwale 1951 asilikali a China atalowa nkhondoyo. Masiku onse amene mzindawu unakhala likulu logwirizira anakwana 1,023. Sitima zochokera kumpoto zinkafika zitadzaza mpaka pamadenga a mabogi, anthu atakumbatira mitolo yawo m'chisanu choopsa, ndipo ena ankagwa panjira tulo tikawatenga. Enanso anabwera pamadzi. Mu Disembala 1950 anthu wamba pafupifupi 100,000 anasamutsidwa pa doko la Hungnam kumpoto, ndipo chombo chimodzi chonyamula katundu, Meredith Victory, chinatenga anthu 14,000 n'kukawatsitsa pa chilumba cha Geoje, pafupi ndi Busan. Mzinda umene mu 1949 unali ndi anthu ochepera theka la miliyoni unali utapitirira miliyoni imodzi pofika mu 1955.

Kuchigwa kunalibe malo, ndiye othawa nkhondo anakwera m'mapiri. Anamanga zisakasa za matabwa a mabokosi, makatoni ndi zitini zophwanya za asilikali a ku America, china pamwamba pa chinzake, n'kumatsika masitepe m'mawa uliwonse kukafuna ganyu pa doko kapena kukatunga madzi. Ku Ami-dong anamanga pamanda a Ajapani amene anasiyidwa opanda mwini. Miyala ya pamanda anaisandutsa maziko, makoma ndi masitepe, ndipo mpaka lero munthu akayang'anitsitsa pansi pa khoma la nyumba amaona mayina a akufa ndi madeti awo, ena atazondoka. Mabanja ambiri pothawa ankapangana kuti akasiyana panjira adzakumane pa mlatho wa Yeongdo, popeza ndi malo okhawo a ku Busan amene munthu wa kumpoto anamvapo. Anthu ankaima pamenepo masiku ndi miyezi akufunsa za abale awo, ndipo olosera zam'tsogolo anatsegula timisasa pansi pa mlathowo chifukwa ofuna kumva ngati mwana kapena mwamuna wawo akadali moyo sankatha. Ku Bosu-dong ophunzira ndi aphunzitsi othawa nkhondo ankagulitsana mabuku akale m'kanjira kamene mpaka pano ndi ka masitolo a mabuku. Ku Jagalchi amayi, ambiri a iwo amasiye a nkhondo, ankagulitsa nsomba m'mabeseni m'mphepete mwa nyanja kuti ana adye. Ku Gukje kunadzaza kaunjika wa chithandizo ndi katundu wotuluka m'misasa ya asilikali.

Ngakhale chakudya chimene mzindawu umanyadira chili ndi mbiri yomweyi. Anthu a kumpoto anazolowera naengmyeon, chakudya chozizira chopangidwa ndi ufa wa mbewu za kwawo. Atasowa ufa umenewo anagwiritsa ntchito ufa wa tirigu wa chithandizo cha ku America, ndipo panabadwa milmyeon. Msuzi wa nkhumba wothira mpunga, dwaeji gukbap, unafalanso m'zaka zomwezo monga chakudya chotsika mtengo cha anthu a ntchito zolemetsa. Kum'mawa kwa doko kuli manda a asilikali a bungwe la United Nations, amene anakhazikitsidwa mu 1951 ndipo muli anthu pafupifupi 2,300, ena mwa iwo a ku South Africa. Asilikali a ku Ethiopia a gulu la Kagnew nawonso anatsikira pa doko lomweli mu 1951. Siteshoni yakale ya njerwa zofiira, yomangidwa m'nthawi ya atsamunda, inapulumuka nkhondo koma inapsa pa moto waukulu wa mu Novembala 1953, ndipo siteshoni inasamukira pamalo pamene ili lero mu 1969.

Nkhondo itatha, Busan inakhala mzinda wa mafakitale a nsapato, nsalu ndi matabwa. Kampani imene lero ndi LG inayambira kuno mu 1947, ndipo wailesi yoyamba yopangidwa m'dzikolo inatuluka mu fakitale yake ya ku Busan mu 1959. Mu 1970 boma la Park Chung-hee linatsegula msewu waukulu wa Gyeongbu wa makilomita 428, ndipo mu 1978 doko linayamba kukhala ndi malo akeake a makontena. Achinyamata ochuluka anachoka m'midzi kupita ku Seoul ndi ku Busan, ndipo kusamuka kumeneku kunachititsa kuti tikiti ya sitima ikhale chinthu cholimbirana. Kawiri pachaka, pa Seollal, chaka chatsopano chotsata mwezi, ndi pa Chuseok, chikondwerero cha zokolola, aliyense amayenera kubwerera kwawo kukalemekeza makolo amoyo ndi akufa omwe. Anthu ankagona pabwalo la siteshoni ya Seoul atayala nyuzipepala, apolisi akuwakhazika pamizere ndi nsungwi zazitali, ogulitsa matikiti mwakatangale akuzungulira chapafupi. Mu Januwale 1960, Seollal itayandikira, anthu 31 anafa atapondana pa masitepe a siteshoniyo pothamangira sitima ya ku Mokpo. Tikiti ya masiku amenewo inali kakatoni kolimba kolembedwa kale mayina a masiteshoni. Wogulitsa ankakasolola m'kabati ya timabowo tambirimbiri n'kukadinda deti, woyang'anira pakhomo ankakaboola ndi kachitsulo, ndipo wina ankakalandira potuluka kumapeto kwa ulendo. Kugulitsa matikiti pa kompyuta kunayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, pa sitima yapamwamba ya Saemaul, imene pakati pa zaka zimenezo inkafika ku Busan m'maola 4 ndi mphindi 10.

Pofika nthawi imeneyo njanji ndi msewu womwe zinali zitadzaza, popeza anthu ndi mafakitale ambiri a dzikolo ali m'chigawo cha pakati pa Seoul ndi Busan. Boma linaganiza zomanga njanji yatsopano ya sitima zothamanga, ndipo ntchito inayamba mu Juni 1992 pakati pa Cheonan ndi Daejeon. Makampani a ku Japan, Germany ndi France anapikisana kuti agulitse sitima zawo. Mu Sepitembala 1993 pulezidenti wa France, François Mitterrand, anafika ku Seoul atanyamula buku limodzi mwa mabuku a nyumba yachifumu amene asilikali a dziko lake analanda pa chilumba cha Ganghwa mu 1866, ndipo Akoreya ambiri anaona kuti mphatsoyo ikukhudzana ndi malonda a sitima. Mabuku otsalawo anadzabwera mu 2011. Mgwirizano unasainidwa mu 1994 ndi kampani ya GEC-Alsthom, yopanga sitima za TGV. Mfundo yofunika kwambiri mu mgwirizanowo inali yakuti Afalansa aphunzitse Akoreya luso lonse: pa sitima 46, zokwana 12 zokha ndi zimene zinapangidwa ku France, zina 34 zinapangidwa ku Korea.

Ntchitoyi inakumana ndi zokhoma zambiri. Ndalama zinapitirira kutali zimene anayerekeza poyamba, akatswiri ofufuza anapeza zolakwika m'zomanga zina, ndipo njira inasinthidwa kuti italikire mabwinja a mzinda wakale wa Gyeongju. Mavuto a zachuma a mu 1997, pamene dzikolo linakapempha ngongole ku IMF, anachititsa kuti ntchito igawidwe pawiri. Gawo loyamba linatsegulidwa pa 1 Epulo 2004. Sitima inkathamanga makilomita 300 pa ola pa njanji yatsopano mpaka ku Daegu, n'kumalizira ulendo pa njanji yakale imene anaiikira magetsi, ndipo inkafika ku Busan m'maola 2 ndi mphindi 40. Inali ndi mitu iwiri, mabogi 18 ndi mipando 935. Dandaulo lalikulu la miyezi yoyamba linali la mipando: theka la mipando ya m'mabogi wamba inali yoyang'ana kumbuyo ndipo sinkatembenuka, zimene anthu sanazolowere, mpaka mtengo wake unatsitsidwa pang'ono.

Gawo lachiwiri, lochokera ku Daegu kudzera ku Gyeongju ndi Ulsan, linabweretsa mlandu umene sunaiwalike. Njanji inayenera kudutsa m'ngalande yobooledwa pansi pa phiri la Cheonseongsan, limene pamwamba pake pali madambo. Mayi wina wodzipereka pa chipembedzo cha Chibuda, Jiyul, wa kachisi wa paphiripo, ankaopa kuti ngalandeyo iumitsa madambowo. Ananyanyala chakudya kangapo, ulendo wina masiku 100, ndipo iye ndi anzake anakasuma kukhoti m'dzina la tinyama tooneka ngati abuluzi tokhala m'madzi a paphiripo. Khoti lalikulu linakana dandaulolo mu 2006, ponena kuti kanyama sikangakhale wodandaula pa mlandu, ndipo ntchito inapitirira. Komabe mlanduwo unaphunzitsa dziko kuti kafukufuku wa zachilengedwe ayenera kuchitika moona mtima ntchito isanayambe. Chaka chomwecho atsikana othandiza apaulendo m'sitima za KTX, amene analembedwa ntchito kudzera ku kampani ina yaing'ono, ananyanyala ntchito pofuna kuti Korail, kampani ya boma yoyendetsa sitima, iwalembe yokha. Pafupifupi 280 anachotsedwa ntchito. Anapambana m'makhoti ang'onoang'ono, anagonja kukhoti lalikulu mu 2015, ndipo nkhani yawo inadzatha mu 2018 pamene kampaniyo inavomera kulemba ambiri mwa otsalawo. Zaka 12 n'zambiri pa moyo wa munthu wachinyamata, ndipo mbiri ya sitimayi siikwanira popanda iwo.

Gawo lachiwirili linatsegulidwa pa 1 Novembala 2010, njanji ikulowa mu Busan kudzera m'ngalande ya Geumjeong ya makilomita opitirira 20, ndipo sitima yachangu kwambiri inayamba kutenga maola 2 ndi mphindi 18. M'chaka chomwecho inayamba kuyenda KTX-Sancheon, sitima yothamanga yoyamba yokonzedwa ndi Akoreya eni, umboni wakuti mfundo ya mu mgwirizano wa 1994 ija inabala zipatso. Mu Disembala 2016 kampani ina, SR, inayamba kuyendetsa sitima za SRT kuchokera pa siteshoni ya Suseo, kum'mwera kwa Seoul. Pofika mu 2023 chiwerengero cha anthu onse amene anakwerapo KTX chinapitirira biliyoni imodzi.

Kagulidwe ka matikiti kanasintha limodzi ndi sitimazo. Timakatoni tija tinasiya kugwira ntchito, ndipo anthu ambiri masiku ano amagula pa foni kudzera pa Korail Talk kapena pa intaneti, ngakhale kuti mawindo ogulitsira ndi makina a m'masiteshoni akadalipo. Matikiti amayamba kugulitsidwa kutatsala mwezi umodzi kuti tsiku la ulendo lifike. Wogula amasankha sitima, bogi ndi mpando, ndipo mipando ikatha pamakhala matikiti oimirira. Tikiti wamba ya Seoul mpaka Busan inali 45,000 won mu 2004, kenako inakhala pa 59,800 won kwa zaka zambiri. Sikuti sitima zonse zolembedwa KTX zimatenga nthawi yofanana, chifukwa zina zimapatukira pa njanji yakale kudzera ku Suwon kapena ku Gupo. Alendo akunja ali ndi Korail Pass, yolola kukwera maulendo ambiri m'masiku owerengeka, komabe mpando umafunika kusungitsa padera. Chimene chimadabwitsa mlendo ndi chakuti pa siteshoni palibe geti lopimira matikiti. Munthu amangotsika masitepe n'kukwera. Wothandiza apaulendo amalowa m'bogi, amawerama kupereka ulemu, n'kuyenda mwakachetechete akuyang'ana kachipangizo ka m'manja koonetsa mipando imene yagulidwa. Amangofunsa munthu amene wakhala pa mpando umene kachipangizoko kakuti ndi wopanda mwini, ndipo wokwera mwachinyengo angathe kulipitsidwa chindapusa chofika maulendo 30 a mtengo wa tikiti.

Kulimbirana kwa pa Seollal ndi Chuseok sikunathe. Kunangosamukira pa intaneti, kumene anthu amadzuka m'mamawa kukadikira pa mzere wa pakompyuta, ndipo a katangale amagwiritsa ntchito mapulogalamu ogula matikiti ambiri nthawi imodzi. Kuyambira nthawi ya mliri wa Covid-19 mu 2020, matikiti a zikondwererozi anayamba kugulitsidwa pa intaneti ndi pa telefoni, ndipo okalamba ndi olumala amapatsidwa masiku awoawo oyambirira. M'pake kutero, popeza mbadwo umene unkagona pabwalo la siteshoni ndi umene umavutika kwambiri ndi foni zamakono.

Sitima yothamanga inafika pamene Busan inali itayamba kale kufuna njira ina yopezera chuma, mafakitale a nsapato atasamukira ku mayiko kumene antchito amalandira zochepa. Chikondwerero cha mafilimu cha Busan International Film Festival chinayamba mu 1996 ku Nampo-dong, masewera a Asian Games anachitika mu 2002, mlatho wa Gwangan wa makilomita opitirira 7 unatsegulidwa mu 2003, ndipo atsogoleri a mayiko a APEC anakumana ku Haeundae mu 2005. KTX inachititsa kuti munthu wa ku Seoul athe kunyamuka m'mawa, kudya nsomba ku Jagalchi masana, kumene amasankha yamoyo pansi n'kukaidyera m'chipinda chapamwamba, n'kukagona kwawo usiku. Filimu ya Train to Busan ya mu 2016, imene inaonedwa ndi anthu opitirira 11 miliyoni m'dzikolo, inatchukitsa njanjiyi kunja. Alendo amapita ku kachisi wa Beomeosa, amene anakhazikitsidwa mu 678 pa phiri la Geumjeongsan, ku kachisi wa Haedong Yonggungsa wa pamatanthwe a m'mphepete mwa nyanja, ndi ku maphompho a Taejongdae. Njanji yakale ya ku Haeundae, imene inasiyidwa mu 2013, inasanduka ya sitima yoyenda pang'onopang'ono yoonetsa alendo nyanja kuyambira mu 2020, kuchokera ku Mipo kudzera ku Cheongsapo mpaka ku Songjeong.

Koma malo amene amajambulidwa kwambiri ndi aja a othawa nkhondo. Gamcheon ndi mudzi wa paphiri umene otsatira chipembedzo cha Taegeukdo anakhazikikamo mu 1955, atamanga nyumba m'mizere yotsetsereka kuti ina isatchinge inzake. Mu 2009 akatswiri a zojambula ndi eni mudzi anayamba kuukongoletsa ndi zithunzi ndi ziboliboli, ndipo tsopano umalandira alendo ochuluka chaka chilichonse. Mlatho wa Yeongdo, umene unasiya kutukulidwa mu 1966, unamangidwanso n'kuyambiranso kutukulidwa mu 2013, pa nthawi yoikika, kuti anthu aone. Msika wa Gukje unatchukanso ndi filimu ya mu 2014 yonena za mnyamata wothawa ku Hungnam. Zimenezi zabweretsa ndalama ndipo zapulumutsa nyumba zimene zikanagwetsedwa. Zabweretsanso phokoso ndi makamera pakhomo pa okalamba amene akukhalabe m'tinyumba tating'onoting'ono timeneti, ndipo zikwangwani zopempha alendo kuti achepetse mawu zimakumbutsa kuti mudziwo uli ndi eni ake.

Njanji imene imabweretsa alendo ndi yomweyo imene imatenga eni mzinda. Akoreya amaiyerekeza ndi kapaipi komwera chakumwa, kamene Seoul imayamwira zonse za m'zigawo. Odwala amakwera sitima ya m'mawa kupita ku zipatala zazikulu za ku likulu, ndipo achinyamata amapita ku mayunivesite ndi ku ntchito za kumeneko osabwereranso. Anthu a ku Busan anali pafupifupi 3.9 miliyoni chapakati pa zaka za m'ma 1990, koma tsopano ali pafupifupi 3.3 miliyoni, ndipo pa mizinda ikuluikulu ya m'dzikolo uwu ndi umene unayamba kuchuluka okalamba. Sitima si imene inayambitsa vutoli, popeza anthu anayamba kuchepa isanabwere, koma sinalithetsenso monga ena ankayembekezera. Mzindawu unayesa kupeza mwayi wochititsa chionetsero cha World Expo cha mu 2030, ndipo unagonja kwa Riyadh pa chisankho cha mu Novembala 2023. Pakadali pano njanji zina zikutsegulidwa zosadalira Gyeongbu. Kumapeto kwa 2024 sitima za KTX-Eum zinayamba kuyenda kuchokera ku Cheongnyangni, kum'mawa kwa Seoul, kudzera ku Andong mpaka pa siteshoni ya Bujeon mu Busan, ndipo pa 1 Januwale 2025 njanji yotsata gombe la kum'mawa inalumikiza Bujeon ndi mzinda wa Gangneung.